Zodumpha m'maphompho zija, ndi masewero kapena kutopa nawo moyo?

Bambo a Tadala: Abale, mwaswera bwanji pagulu pano. Ine ndangofika kumene kuchokera kuchipatala, Tadala amuika chikhakha dzanja lamanzere. Anasanja njerwa kuseri kwa nyumba, n'kuikapo thabwa la chitseko chakale, n'kumadumphapo ndi njinga ya amalume ake. Thabwa linaterereka, iye n'kutera ndi chikhatho. Pomufunsa kuti nzeru imeneyi waitenga kuti, wandionetsa kanema pafoni ya amayi ake. Ndamuponya apayu, onerani nokha. Anthu akutsika phiri la miyala yofiira pa njinga, malo oti ngakhale mbuzi ingabwerere, m'munsimo khamu likuombera m'manja. Tandiuzani, amenewa ndi masewero kapena anthuwa anatopa nawo moyo?

Nabanda: Pepani bambo a Tadala. Ekisire yaonetsa fupa limodzi kapena onse awiri?

Bambo a Tadala: Limodzi, chakufupi ndi chikhatho. Akuti tikachotse pakatha masabata 6.

Nabanda: Mafupa a ana sachedwa kulumikizana. Koma usiku uno muzimuyang'ana zala. Zikatupa kwambiri, zikazizira, kapena akadandaula dzanzi, musadikire kuti kuche, bwererani naye. Ndipo mumuletse kulowetsa kamtengo m'chikhakhamo pokanda.

Anachisale a ku Leeds: Pepani achimwene, mumuuze Tadala kuti azakhali akuti achire msanga. Kanemayo ndamuzindikira. Ndi mpikisano wotchedwa Red Bull Rampage, umachitikira m'chipululu cha ku Utah ku America, pafupi ndi katauni kotchedwa Virgin. Unayamba mu 2001. Sapikisana pa liwiro ayi. Aliyense amapatsidwa masiku angapo, iye ndi anzake omuthandiza, kuti aseme njira yakeyake paphiripo ndi mapiki ndi mafosholo. Tsiku la mpikisano amatsika mmodzimmodzi, oweruza n'kumapereka malikisi poona kuvuta kwa njira imene wasankha, madumphidwe ake, komanso ngati wafika m'munsi osagwa. Amayi anapikisana nawo koyamba mu 2024.

Aphunzitsi opuma: Malikisi a kuopsa! Ndiye kuti amene wasuzumira kwambiri kumanda ndiye wakhoza mayeso. Ine ndinaphunzitsa zamasewero zaka zambiri, ndipo chimene tinkauza ana n'choti masewero amalimbitsa thupi. Awa akuliswa.

Mdzukulu: Kkkk agogo, nanga mpira suthyola anthu miyendo? Nkhonya bwanji, zija mumakhalira maso usiku?

Aphunzitsi opuma: Wampira akaphonya, mpira umapita kunja, amaponya. Uyu akaphonya amapita kuti?

Mdzukulu: Apo ndiye mwayankha nokha chifukwa chake timaonera. Mpira umafuna mphindi 90, bandulo yokwana, komanso udziwe malamulo ake, mwinanso n'kutha osagoletsana. Izi ndi masekondi 20 basi. Safuna Chingerezi, safuna wokufotokozera. Agogo aakazi kumudzi ndinawaonetsa wina akudumphira m'nyanja kuchokera pathanthwe, anagwira pamutu n'kukuwa kuti mayo ine mwana wa eni. Atatuluka m'madzi anati bwezanso ndione. Anthu omwewo ofusayidi ndinayesa kuwalongosolera mpaka ndinagonja.

Anachisale a ku Leeds: Odumphira m'madziwonso ali ndi mpikisano wawo wozungulira maiko, unayamba mu 2009. Amuna amadumpha kuchokera pa mamita 27, akazi pa mamita 21. M'malere amakhalamo masekondi osakwana atatu, koma pofika pamadzi amakhala ali pa liwiro la makilomita pafupifupi 85 pa ola. N'chifukwa chake salowa chamutu ngati a ku Olympics odumpha pa mamita 10 aja, amatsogoza mapazi. Mukaonetsetsa muona anthu angapo akuyandama mozungulira pamene akugwerapo, ntchito yawo ndi kumira naye limodzi kuti akakomoka amuvuule.

Mjomba wa ku Joni: Ase, ana a ku Nkhata Bay akhala akudumpha pamiyala kuyambira kalekale, opanda wowavuula. Kungoti panalibe wowajambula.

Wakabaza wa pa Chinamwali: Mjomba mwalasa. Ine nkhani iyi ikundiseketsa komanso ikundipweteka. Musanagule bandulo yoonera azungu, bwerani m'mawa pamsewu wotsika kuphiri la Zomba muone anthu a nkhuni. Njinga yakapalasa yapakiridwa mpaka kupitirira mutu wa mwiniwake, mabuleki anatha kalekale, munthu amachita kuponda tayala ndi nkhwaira kuti liwiro lichepe. Pokhota amapendeka thupi lonse, katundu akamukoka pang'ono basi wapita kuphedi. Ine ndinazichitapo zaka ziwiri ndisanapeze yamotoyi. Palibe anandipatsa malikisi. Mphotho yake inali ya ufa wa tsiku limenelo.

Aphunzitsi opuma: Mwaona? Ife zoopsa timachita chifukwa cha njala. Anzathu akhuta, ndiye akuchita kuigula ngozi ndi ndalama. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Mnyamata wa ku Likhubula: Bambo aphunzitsi, mundikhululukire, apa ndikana pang'ono. Ine ndine wonyamulira alendo katundu paphiri la Mulanje, sindinakhute ayi, koma mpikisano wothamanga paphiripo, wotchedwa Porters Race, ndathamanga kanayi ndipo sindinawinepo kanthu. Chaka chamawa ndikakhala moyo ndithamanganso.

Bambo a Tadala: Tatiuzani achimwene, chimakukokerani n'chiyani?

Mnyamata wa ku Likhubula: Umachitika mu July, kukuzizira. Timanyamukira pa Likhubula, kukwera mpaka ku Chambe, kudutsa pamwamba kupita ku Lichenya, kenako kutsika kubwerera pamene tinayambira. Ndi makilomita oposa 20. Njira yomweyo ndikakhala ndi alendo timagona m'njira, koma akatswiri amaimaliza m'maola awiri ndi mphindi zowerengeka. Poyamba unali wa ife onyamula katundu ndi operekeza alendo, pano aliyense amalowa, amayi omwe, azungu omwe. Ena amabwera ndi nsapato zodula, ena mwa ife tili ndi zapulasitiki, ena chosavala.

Kukwerako n'kowawa chabe, mtima umagunda mpaka m'makutu, umakwera manja ali pamaondo. Koma chimene ndimabwererako ine ndi kutsika. Miyendo yatopa kale, ikunjenjemera, miyala yanyowa ndi chifunga, ndiye ukutsetsereka mothamanga. Sungayang'ane pamene phazi lili, umayang'ana pamene lipite kawiri kutsogolo. Ukangoganiza zina wagwa. Ndiye mutu umayera mbee. Ngongole ya kugolosale, fizi ya mwana, mkangano wa dzulo ndi akazi anga, zonse zimachoka. Kumatsala mwala, phazi, mwala, phazi. Ndikafika pansi anthu akukuwa, maondo ali magazi, ndimamva ngati ndasambitsidwa mkati. Katundu ndikanyamula wa mlendo phiri limakhala bwana wanga. Tsiku limenelo lokha timalankhulana ngati amuna awiri.

Nabanda: Iii achimwene, mwandiimitsa tsitsi.

Mjomba wa ku Joni: Ameneyu walankhula. Olo mutafunsa wa ku Utah uja akuuzani zomwezi, kungosiyana chilankhulo.

Wakabaza wa pa Chinamwali: Zoona pang'ono. Nanenso sindinama, masiku ena ndikatsika bwino osaponda pansi ndinkafika m'tauni ndikumwetulira ndekha. Koma kusiyana kulipo. Inu mumasankha tsiku limodzi pachaka. Ine ndikadzuka ndi malungo ndinkatsikabe.

Aphunzitsi opuma: Chabwino, kukoma kwake ndamva, sinditsutsa munthu amene wathamanga yekha. Koma funso langa lina. Misala yotereyi inalipo kuyambira makolo, ifenso tinkatsetsereka pathanthwe titakhalira khungwa mpaka kabudula kubooka. Nanga yatchuka bwanji chonchi lero mpaka kulowa m'nyumba mwa bambo a Tadala? Alipo amene akudyapo.

Anachisale a ku Leeds: Alipo ndithu, ndipo sabisala. Oyamba anali a kanema ya zamasewero ya ESPN. Anaona kuti achinyamata a ku America ali pa skateboard, kathabwa ka timatayala koyendapo choimirira, ndi pa tinjinga ta BMX m'misewu, saonera masewero a makolo awo, ndiye otsatsa malonda akuwasowa. Mu 1995 anasonkhanitsa masewero onsewa ku Rhode Island n'kupanga mpikisano umene pano umatchedwa X Games. Chimene chinaukweza kwambiri chinachitika mu 1999 ku San Francisco. Tony Hawk ankafuna kuzungulira m'malere kawiri ndi theka ali pa skateboard, chinthu chimene chinali chisanathekepo pampikisano. Anagwa, anagwanso, nthawi yake mpaka inatha, koma sanamuletse. Anzake opikisana nawo anasiya zawo n'kumamenyetsa matabwa awo pansi kumulimbikitsa. Atagwa kokwana ngati 10, anatera bwinobwino, anthu n'kumunyamula. Amene anaonera tsiku limenelo sakumbukira kuti anawina ndani zina zonsezo, amakumbukira munthu akugwa n'kumadzuka.

Achiwiri ndi a chakumwa cha Red Bull cha ku Austria. Iwowa m'malo mongolipira kuti dzina lawo lioneke pampikisano wa eni, anayamba kupanga mipikisano yawoyawo, kuijambula okha, kuiulutsa okha. Mu October 2012 anakweza Felix Baumgartner ndi chibaluni mpaka makilomita pafupifupi 39 m'mwamba, iye n'kudumpha. Anthu oposa 8 miliyoni ankaonera nthawi imodzi pa YouTube. Tangoganizani, dziko lonse kusiya ntchito kuonerera chinthu chimene kwenikweni ndi kutsatsa chakumwa.

Aphunzitsi opuma: Ehee. Ndimadziwa ine kuti kuseri kuli wamalonda.

Mdzukulu: Nanga ligi yathu ya mpira ilibe wamalonda kuseri? Chikho chilichonse kuno chili ndi dzina la kampani. Ine ndionjezere chachitatu, timakamera tating'ono tomangirira pachipewa tija ta GoPro ndi madroni. Kale ukaonera munthu akutsika phiri unkamuona patali ngati nyerere. Pano kamera ili pamphumi pake, ukumva kupuma kwake, ukuona chiwongolero chikunjenjemera, phompho lili apa. Thupi lako limanyengeka, m'manja mumatuluka thukuta uli pamkeka. Ukangoonera kamodzi mpaka kumapeto, TikTok ndi Facebook zimadziwa kuti zakukola, mawa zikupatsa khumi.

Bambo a Tadala: Ndiye ndi mmene zamupezera mwana wangayu. Foni ija amayi ake amamubwereka kuti azionera masamu.

Mjomba wa ku Joni: Kkkkk masamu wawaphunziradi, wangolakwitsa engo ya thabwa.

Adimini: Mjomba, mwana wavulala, tisamale nthabwala. Komanso amene sanapereke ya chipepeso cha mwezi watha andione kumbali.

Mjomba wa ku Joni: Pepani bambo a Tadala, pakamwa panga mumapadziwa. Koma ndikuuzeni za kuno, chifukwa mukuyankhula ngati ndi za azungu okha. Kuno kuli spinning. Amatenga BMW yakale ya 325i, eni ake amaitcha gusheshe, n'kumaizunguza pamalo amodzi mpaka utsi wa matayala kuphimba bwalo. Ndinapitako Loweruka lina ndi mnzanga wa kuntchito. Fungo la raba wopserera limakhala m'zovala masiku awiri, tizidutswa ta tayala tikukugwera m'tsitsi. Pakati pa zonsezo dalaivala amatsegula chitseko, kutuluka galimoto ikuzungulirabe yokha, kuyenda pambali pake ngati akuperekeza mlendo, kenako kudumphiramo. Tayala likaphulika bwalo lonse limaimirira. Zinayambira m'makomboni monga Soweto nthawi ya tsankho, zinkachitika pamaliro a zigawenga, apolisi ankathamangitsa. Lero ndi masewero ovomerezeka, atsikana akuyendetsa nawo, Red Bull yomweyo ili ndi mpikisano wake wotchedwa Shay' iMoto, ndipo nduna ya zamasewero Gayton McKenzie italowa mu 2024 inanena poyera kuti ikufuna kuwakuza.

Aphunzitsi opuma: Kuchoka pamaliro a zigawenga kufika pakamwa pa nduna.

Anachisale a ku Leeds: Njira yake imakhala yomweyo nthawi zonse, bambo. Skateboard nayo ankaithamangitsa m'matauni ngati chisokonezo. Akuluakulu a Olympics ataona kuti owaonera akukalamba, anaitsegulira chitseko okha. Snowboard, thabwa lotsetserekera pachipale chofewa, inalowa mu 1998 ku Nagano, mpikisano wa liwiro wa BMX mu 2008 ku Beijing, ndiye ku Tokyo mu 2021 kunalowa skateboard, surfing (kuyenda pa mafunde a nyanja utaima pathabwa) ndi kukwera makoma. Pa skateboard ya atsikana ya mumsewu golide anatenga Momiji Nishiya wa ku Japan ali ndi zaka 13, siliva Rayssa Leal wa ku Brazil, zaka 13 yemwenso. Kuno ku Britain kunali chisangalalo ndi Sky Brown, naye wa zaka 13, atapeza mendulo yachitatu pa mtundu wina. Chitachitika chimenecho kabwalo ka skateboard ka pafupi ndi kwathu kanadzaza ana aakazi, makolo ali pambali ndi makofi awo. Ku Paris mu 2024 kunali mtsikana wa ku China wa zaka 11, komanso bambo wa zaka 51, Andy Macdonald, akuimira Britain.

Wakabaza wa pa Chinamwali: Zaka 51! Aphunzitsi mwayi ulipobe.

Aphunzitsi opuma: Ine bondo limalira pokwera minibasi, mundisiye.

Mdzukulu: Za kukwera makoma zija ndiye zinandimaliza. Khoma la mamita 15, munthu kulikwera m'masekondi osakwana 5. Golide ku Paris anapita kwa Veddriq Leonardo wa ku Indonesia, osati America kapena Germany. Ndinakumbuka mmene tinkakwerera mtengo wa mango a eni galu akatitulukira.

Nabanda: Mwaseka mokwanira, tsopano ndilankhuleko ine amene ndimalandira zotsatira zake. M'wodi mwathu mabedi ambiri a amuna ndi a ngozi za njinga zamoto. Mwendo timaudziwa pochita, koma mutu ndi msana zikapita zapita. Makanema amenewa amakuonetsani kudumpha kumene kwatheka. Sakuonetsani munthu akuphunzira kugwira supuni kachiwiri, kapena mayi akutembenuza mwana wake wa zaka 25 pabedi kuti asachite zilonda. Chikomekome cha mkuyu. Ndipo zoti mwana wa zaka 11 akupikisana ndi akuluakulu pakonkire, ine sizindisangalatsa ngakhale atavala golide. Anayamba kugwa ali ndi zaka zingati?

Anachisale a ku Leeds: Apa sindikutsutsani asisi. Sarah Burke wa ku Canada, amene anamenyera nkhondo kuti masewero ake a pachipale alowe mu Olympics, anamwalira mu January 2012 atagwa pokonzekera ku Utah, osawaona akulowa mu 2014. Caleb Moore anamwalira mu 2013 chigalimoto chake cha pachipale chitamugwera pa X Games ku Aspen. Pa Rampage pomwepo, mu 2015, Paul Basagoitia anathyoka msana, anzake anachita kuyendetsa mbale kuti athandizike. Dave Mirra, katswiri wa BMX, atamwalira mu 2016 madokotala anapeza kuti ubongo wake unali ndi matenda obwera chifukwa chomenyetsa mutu kawirikawiri. Baumgartner uja anapulumuka kudumpha kwa makilomita 39, koma anadzafera ku Italy mu July 2025 akuuluka ndi parachuti ya injini.

Chimene ndinganene n'choti chaka chilichonse muyezo umakwera. Chimene chinawinitsa munthu dzana, lero ana akuchichita pokonzekera. Kuzungulira kawiri ndi theka kwa Tony Hawk kuja, kumene amakutcha 900, Arisa Trew wa ku Australia anakuchita mu 2024 ali ndi zaka 14. Ndiye wofuna kuwina ayenera kuonjezera, ndipo owonera ndife amene timafuna zoonjezerazo.

Mjomba wa ku Joni: Owonerafe tisadziyeretse. Mu 2015 ku Jeffreys Bay kuno, shaki inamutulukira Mick Fanning ali pafainolo ya surfing, kanema ikuulutsa pompopompo. Anapulumuka osalumidwa. Anthu amene sanaonerepo surfing moyo wawo wonse anaonera kachidutswa kameneko kambirimbiri. Atawina bwinobwino popanda shaki bwenzi ndani akumudziwa kuno?

Aphunzitsi opuma: Ndiye tivomereze kuti pansi pa mtima timadikira kuti agwe.

Mnyamata wa ku Likhubula: Ayi bambo, ine ndikuona ngati timadikira kuti asagwe. Anthu amene amaima pa Likhubula kutidikira, wina akatulukira akutsimphina onse amamuimbira m'manja kuposa woyamba uja. Akanafuna kugwa bwenzi akukaima kumiyala.

Mdzukulu: Mwina zonse ziwiri. Umafuna kuti kugwako kukhale kotheka, koma kusachitike.

Nabanda: Chimene anawa sadziwa n'choti amene akumuonerayo sanayambire paphiri. Kudumpha kumodzi amakuyeserera miyezi, akugwera m'dzenje lodzaza masiponji kapena pachimatiresi cha mpweya. Wavala chipewa chophimba nkhope yonse, zoteteza msana, maondo ndi zigongono, madokotala ali pomwepo, helikopita ikudikira. Tadala anali ndi chitseko chakale ndi njerwa. Akanamenyetsa mutu, bambo ake akanayamba ndi kusaka galimoto ya aneba.

Bambo a Tadala: Musandikumbutse asisi. Njerwa ina inali kampata kakang'ono ndi pamene anagwetsa mutu. Ine maganizo anga pobwera kuchipatala anali oti njingayo ndiibweze kwa eni ake, foni asaigwirenso, nkhani ithe.

Aphunzitsi opuma: Mudabwa kumva izi kwa ine, koma musatero. Ana oterewa ndawaphunzitsa ambiri. Mukamulanda njinga akabwereka ya mnzake, ndipo akakachitira kutali kumene simukumuona, mwina pamsewu wa tala. Sindinasinthe maganizo, za ku Utah zija kwa ine ndi misala yolipidwa. Koma mwana amene wasanja yekha njerwa, kuyeza thabwa, kuyesa kambirimbiri, ali ndi kanthu m'mutu. Achire kaye, kenako mukhale naye pansi.

Mjomba wa ku Joni: Mumuonetsenso Greg Minnaar wa ku Pietermaritzburg, anakhala katswiri wa dziko lonse wotsika mapiri pa njinga kanayi, komaliza mu 2021 ali ndi zaka 39. Kapena Ross Branch wa ku Botswana amene anamaliza wachiwiri pa njinga zamoto ku Dakar Rally mu 2024. Adziwe kuti a kufupi kuno aliponso, ndipo onsewo savula chipewa.

Mnyamata wa ku Likhubula: Akachira mubwere naye kuno pa holide. Ndimukweza mpaka ku Chambe wapansi, aone phompho lenileni ndi maso ake, amve mmene miyendo imachitira. Ambiri akafika pamenepo amayamba kulipatsa ulemu.

Wakabaza wa pa Chinamwali: Za chipewa, musagule zija zopepuka ngati chigoba cha dzira. Pitani pa kaunjika, zimapezeka za njinga zakapalasa zabwino, koma muyang'ane mkati, chikakhala ndi mng'alu ngakhale waung'ono chisiyeni, chinagwirapo kale ntchito yake. Lamba azimanga pansi pa chibwano, osati kungochikhazika pamutu ngati ena mwa anzanga.

Bambo a Tadala: Ndamva abale, zikomo. Ndalowa kuchipinda kukamuona zala monga ananenera a Nabanda, zili bwino, n'zofunda. Ndamupeza ali maso, akujambula m'kope la masamu ndi dzanja labwinolo. Wajambula thabwa lomwelo, koma pano waika zikhomo ziwiri kutsogolo kuti lisaterereke. Akufunsa ngati tili ndi misomali ya mainchesi 4.

Nabanda: Masabata 6, bambo a Tadala. Misomaliyo mubise.

Wakabaza wa pa Chinamwali: Kasitomala wafika, tionana. Mutu wake ndi saizi yanji? Ndikadutsa pa kaunjika Lachisanu ndikuyang'anirani.